Repu Amene Ndinapopera Lachisanu

Nditamaliza giredi naini pa sukulu ya m'mudzi mwathu, malo a kusekondale sindinawapeze, choncho ndinapita kukakhala kwa amalume kufupi ndi Tamanda. Amalume amalima thonje ndi mtedza. Ine ndinali mtsikana wosatsutsa. Munthu akandituma ndinkapita, akandifunsa kanthu ndinkayang'ana pansi. Azakhali, akazi a amalume, ndi amene anandilembetsa ku kalabu ya dimba. Iwo nthawi analibe, koma mbewu zimene zinkagawidwa kumeneko ankazifuna.

Wotiphunzitsa anali bambo wachikulire, wamtali, amene tonse tinkangomutchula kuti alangizi. Ankabwera pa njinga Lachiwiri lililonse, atavala malaya oyera osita bwino. Anali mwana wa mphunzitsi wa ku mishoni. Ali mnyamata analembedwa ntchito pa kampani ina ya thonje, ndipo kwa zaka zambiri ankayenda m'midzi kuonetsa alimi kapoperedwe ka mankhwala. Ankatiuza okha kuti masiku amenewo ankasakaniza mankhwalawo ndi manja, popanda chophimba kukamwa. Pofika nthawi yopuma pantchito manja awo anali atayamba kunjenjemera, ndipo mphuno yawo inali itafa. Fungo lililonse, la sopo ngakhale la nyama yowola, sankalimva. Tsopano ankaphunzitsa kuthana ndi tizilombo popanda mankhwala a m'botolo, ndipo panalibe amene ankawalipira. Mbewu ankabweretsa zawo, m'maenivelopu akale olembedwa ndi dzanja lonjenjemera.

Dimba la kalabu linali kudambo. Tinalipo amayi khumi ndi ine, aliyense ndi bedi lake. Langa linali pakhomo penipeni: repu, ndi mzere umodzi wa matimati m'mbali. Pakona pa dimbalo panali mgolo wabuluu, ndipo ngakhale lero ndikaukumbukira malovu a nseru amadzaza m'kamwa. Munkathiridwa masamba a nimu, ombwe, tsabola wosinja, zinyenyeswa za fodya ndi mkodzo wa ng'ombe, n'kuvundikira milungu iwiri. Ukavundukula, pamwamba pankakhala chithovu chotuwa chokhuthala ngati phala logona, ndipo m'mbali munkayenda mphutsi zoyera. Fungo lake linkalowa mpaka kummero.

Ntchito yovundula inagwera ine chifukwa sindinkakana.

"Mwanawe, fikitsa mtengowo pansi," ankatero alangizi, nkhope yawo ili pamwamba penipeni pa mgolo. "Zamphamvu zili pansipo."

"Alangizi, inu mphuno munaisiya ku kampani," anatero tsiku lina amayi ena onenepa, amene anali mtsogoleri wa kalabu. "Ife zathu tidakali nazo."

"Nsabwe nazonso zidakali nazo, amayi. Mukuganiza kuti zimathawa chiyani?"

Tikasefa madziwo pa chitenje chakale, tinkawasungunula, n'kuthiramo thovu la sopo, kenako aliyense ankawaza pa bedi lake ndi tsache, makamaka kunsi kwa masamba kumene nsabwe zimabisala. Mbozi tinkazitola ndi manja. Alangizi ankazitswanya ndi zala akulankhula, madzi obiriwira akutsikira m'chikhato, osasiya chiganizo. Ine ndinkatswanya nditatseka maso. Ndinkasamba kawiri, koma Lamulungu kutchalitchi atsikana a kwaya ankasuntha pabenchi pang'onopang'ono mpaka ndinkatsala ndekha kumapeto.

Phunziro lililonse alangizi ankalimaliza mofanana. Ankathyola tsamba pa bedi la munthu mmodzi, n'kulitsuka pang'ono ndi madzi a m'keni, n'kulipinda, n'kulitafuna laliwisi pamaso pathu. Ankati mlimi woona ndi amene angathe kudya ndiwo zake zili m'munda. Munthu amene bedi lake lasankhidwa ankanyada sabata yonse. Ine ndinkalakalaka kwambiri kuti tsiku lina asankhe langa.

Koma kwa milungu itatu sindinawaze. Alangizi akachoka, amayi aja atatanganidwa ndi mabedi awo, ndinkatenga chidebe changa n'kukachikhuthula mu ngalande kuseri kwa mpanda. Ndinkaganiza kuti mabedi enawo akawazidwa, langanso litetezeka. Sabata yachitatu masamba anayamba kupindika. Nditatembenuza limodzi ndinapeza kunsi kwake kuli mbuu, nsabwe zitaunjikana zina pamwamba pa zinzake, tsamba lonse likumata m'zala.

Lachiwiri alangizi anagwada pa bedi langa nthawi yaitali.

"Ukuwaza kunsi monga ndinanenera?"

"Inde, bambo."

"Ndiye kuti vuto lili mumgolo. Kapena fodya anachepa." Anatulutsa kabuku kawo n'kulembamo. "Usadandaule, mwanawe, si iwe. Koma Loweruka kukubwera alimi a midzi ina kudzaona, ndipo bedi loyamba kuliona ndi lakoli."

Madzulo ndinauza azakhali. Anaseka mpaka anagwira chipupa.

"Ndiye ukulirira zimenezo? Mankhwala a thonje a amalume ako ali pamwamba pa nkhokwe. Ine repu wanga ndimapopera amenewo, umamuona ali ndi nsabwe? Mkodzo wa ng'ombe ukanakhala mankhwala, bwenzi m'khola mulibe ntchentche."

Lachitatu ndi Lachinayi ndinayesa kutsuka masamba ndi madzi a sopo, koma nsabwe zinali zambiri. Lachisanu m'mawa, anthu onse atapita kukathyola thonje, ndinatsitsa botolo lija, n'kubereka chopopera cha amalume. Zolembedwa pa botolo zinali zitafufutika. Ndinathira zivindikiro zitatu za mankhwalawo kuti agwire msanga, ndipo ndinapopera mpaka masamba anayamba kudontha, matimati omwe. Mphepo inkabwezera nkhungu yake kumaso kwanga. Pobwerera mutu unkawawa ngati wamangidwa ndi chingwe, ndipo ndinasanza m'mbali mwa njira.

Loweruka ndinalawira kudimba. Nsabwe zonse zinali zitafa, zitayoyokera pansi ngati phulusa. Ndinachotsa masamba opindika, n'kutsala repu wobiriwira bwino, woimirira. Koma pansi sipanali nsabwe zokha. Tizilombo tofiira ta madontho akuda, timene alangizi ankati ndi antchito athu chifukwa timadya nsabwe, tinali gada, miyendo m'mwamba. Panali njuchi zingapo, ndi akangaude atakhwinyata. Mu ngalande munali chule, mimba yoyera ili kumwamba, nyerere zitayamba kale kumulowa m'kamwa. Ndinamukankhira pansi pa udzu ndi phazi. Fungo la mankhwala linalipo, koma amayi a kalabu anali atavundukula kale mgolo kuti alendo adzaone, ndipo fungo la mgolo linaphimba zonse.

Alendo anafika ambiri, azibambo pa njinga, azimayi ndi ana. Alangizi ataona bedi langa anaima, n'kuvula chipewa.

"Amayi, bwerani mudzaone. Lachiwiri bedi ili linali lakufa." Anatembenukira kwa ine. "Wachita bwino, mwanawe. Lero timalizira pako."

Mawu amenewo ndi amene ndinkawafuna miyezi yonseyo, koma nditawamva ndinakumbukira chule uja. Alangizi anayenda ndi alendo dimba lonse. Anafotokoza za mgolo, za kubzala anyezi pakati pa repu, za phulusa, za moyo wawo ku kampani, n'kuwaonetsa manja awo. Ine ndinkatsatira pambuyo ndikukonza mawu. Ndinkati ndiwakokera pambali, koma nthawi zonse pankakhala munthu wamkulu akulankhula nawo, ndipo sindinaphunzirepo kudula mawu a wamkulu.

Kenako tonse tinabwerera pakhomo. Alangizi anaitana ana a alendo kuti aime pamzere, aliyense alandire chimati chimodzi. Anathyola tsamba lalikulu, n'kulithira madzi pang'ono, n'kulipinda. Tsamba litafika pamilomo yawo, ndinalumpha n'kuwamenya padzanja. Linagwera m'matope.



"Mwana wa ndani ameneyu?" anafunsa bambo wina mwa alendo.

"Musadye," ndinatero. Mawu anali aang'ono moti alangizi anachita kuwerama.

"Wati chiyani?"

"Musadye, bambo. Ndinapopera dzulo."

"Za mumgolo?"

"Za thonje."

Sanakalipe. Choyamba anauza azimayi kuti achotse ana pafupi ndi bedilo. Kamtsikana kena kanali katathyola kale chimati, ndipo mtsogoleri wathu anakalanda n'kukasambitsa m'manja ndi sopo kakulira. Kenako alangizi anandigwira chibwano n'kundiyang'ana m'maso. Anafunsa ngati mutu ukuwawa, ngati ndinasanza, ngati zovala za dzulo ndinachapa. Ndinati sindinachape. Anati ndizichape pazokha, kutali ndi chitsime, ndipo mutu ukapitirira ndipite kuchipatala tsiku lomwelo.

"Unathira zochuluka bwanji?"

"Zivindikiro zitatu."

Alangizi anagwada, n'kuyamba kutola tizilombo takufa tija, n'kumatiika pa chikhato chawo chonjenjemera. Anapeza ndi chule yemwe. Anamukweza ndi mwendo kuti aliyense aone.

"Onani bwino. Bedi lokongola kuposa onse m'dimba muno, ndipo ine ndemwe ndinatsala pang'ono kulidya. Pamsika ku Chipata mukanalidziwa bwanji?"

Ndinkayembekezera kuti anthu anyansidwa monga ndinanyansidwira ine. Ena ananyansidwadi. Koma bambo uja anafunsa za makolo anga anayandikira bedi, n'kutembenuza tsamba ndi kamtengo, n'kugwedeza mutu mosirira.

"Tsiku limodzi lokha, nsabwe zonse phuu. Iwe mtsikana, botolo lake ndi lotani? Lija la chivindikiro chofiira?"

Anzake awiri anasendera kuti amve yankho. Mmodzi anati kwawo amathira ziwiri, koma zitatu ayesa. Ankalankhula zimenezi chule adakali m'dzanja la alangizi, ana awo ataima pomwepo. Ndinaona nkhope ya alangizi ikugwa, ndipo ndinadziwa kuti zonse zimene anaphunzitsa m'mawa umenewo anthu atatuwa aziiwala, koma zivindikiro zanga zitatu apita nazo kwawo.

Alendo atabalalika, ndinauzanso alangizi za ngalande ija, kuti milungu itatu sindinawaze ngakhale kamodzi. Izi zinawapweteka kuposa zoyamba. Anatulutsa kabuku kawo, n'kufufuta mizere ingapo.

"Sabata yonse ndakhala ndikufunafuna cholakwika mumgolo. Ndinafika pouza a kalabu ina kuti awonjezere fodya." Anabweza kabukuko m'thumba. "Ukananena kuti zikukunyansa, ndikanakupezera magolovesi. Kukana si mwano, mwanawe. Zula zonsezi, ukumbe dzenje kumtunda, kutali ndi madzi, ukwirire. Bedi ili likhala lopanda kanthu mpaka mvula. Lachiwiri ubwere, uzidzathandiza pa mabedi a anzako."

Anakwera njinga osatsanzika amayi aja, chinthu chimene sanachitepo.

Ndinavala mapepala apulasitiki m'manja n'kuzula zonse. Ndikumaliza kukumba dzenje, azakhali anatulukira ndi dengu lalikulu pamutu. Nkhani inali itawafika kale.

"Wapenga? Repu wabwino chonchi ukwirire? Bweretsa kuno, timange mitolo. Mawa ndimupatsa wa njinga apite naye ku boda ya Mwami, oyendetsa magalimoto akuluakulu aja safunsa."

"Alangizi anati ndikwirire."

"Alangizi ako adya chiyani kwathu? Tsuka ndi madzi, basi. Akaphikidwa zonse zimatha."

Anaika dengu pansi n'kuyamba kutola. Sindinawayang'ane kumaso. Ndinangokokera mulu wonse m'dzenje ndi khasu, n'kuyamba kutema. Ndinatema repu ndi matimati pamodzi mpaka zinasanduka matope obiriwira ndi ofiira, madzi ake akundithovukira m'miyendo, fungo la mankhwala likutuluka ngati ndangotsegula botolo. Azakhali ananena zambiri, za mwano wanga, za chakudya chimene ndimadya pakhomo pawo, za mayi anga amene sanandilere bwino. Ndinakwirira, n'kupondaponda pamwamba mpaka anatola dengu lawo n'kupita.

Madzulo a tsiku limenelo ndiwo zinali repu wa m'dimba la azakhali, wotendera. Amalume anadya n'kuwonjezera. Ine nditayandikitsa mbale kumaso ndinamva kafungo kaja pansi pa nsinjiro, kochepa koma komweko. Kapena kanali m'mphuno mwanga mokha, sindikudziwa. Ndinakankhira mbale pambali, n'kupempha mchere.