Chitoliro cha Mvukuto cha a Mulepa

A Francisko Mulepa anabwerera kumudzi kwa akazi awo, kufupi ndi Nguludi, chaka cha mavoti a matipate, 1994. Anafika ndi sutikesi, chipewa choyera cha ukhukhi ndi nkhani zosatha. Kuyambira ali mnyamata mpaka imvi zitamera, ankaphikira wansembe wina wa ku Ayalandi, Bambo Dolani. Wansembeyo atakalamba n'kubwerera kwawo, a Mulepa anati basi, kukaphikira munthu wina n'kuyambiranso sitandade wani.

Khasu silinkawadziwa. Mizere yawo inkakhota ngati njira ya woledzera, ndipo akazi awo, a Eluby, ndiwo ankaiwongola. Luso la a Mulepa linali pakamwa. Pamsika, pomwe amuna ankasewera bawo, ankafotokoza za tchizi chonunkha chimene azungu amadya akumwetulira, za supu ya mchira wa ng'ombe, za bishopu amene anawapempha pudini kachiwiri. Koma nkhani imene inkawakomera koposa inali ya chitoliro cha Bambo Dolani.

"Si chitoliro chouzira ndi pakamwa ayi," ankatero akukweza zigongono. "Thumba lachikopa m'khwapa umu. Mvukuto wonga wa osula makasu, koma waung'ono, pachigongono apa. Zitoliro zitagona pantchafu. Ukamapopa ndi mkono thumba limafufuma, nyimbo n'kumatuluka. Pakamwa palibe ntchito. Ukhoza kumadya chinangwa uku ukuimba."

Mpaka apo zinali zoona, chifukwa chitolirocho ankachipukuta fumbi Loweruka lililonse. Bodza linalowa tsiku limene wina anafunsa ngati iwowo ankatha kuchiimba.

"Ine? Bambo Dolani akatopa ankandipatsira ine. Masisitere ankachita kupukuta misozi."

Chibadwire anali asanachiikepo m'khwapa. Anayankha choncho podziwa kuti m'boma lonse la Chiradzulu munalibe chitoliro chotero choti munthu angawayese nacho.

Nkhaniyo inafika kwa a Eluby, ndipo anadikira tsiku loyenera. Anali pabwalo ndi azing'ono awo akusenda nandolo, a Mulepa ali pampando pambali.

"Abambo a Selestina," anatero mokweza kuti onse amve, "luso lonseli lingokuwolerani m'manja? Pezani mmisiri akupangireni chitolirocho. Mdzukulu wathu Tracy akamadzakwatiwa mudzatiimbire."

Azing'ono awo aja, alamu a a Mulepa, anaombera m'manja. A Mulepa anayang'ana Tracy, mwana wa Selestina, amene nthawi imeneyo anali akusewerabe fulaye, ndipo anaona kuti ukwati uli kutali.

"Mwanena zanzeru," anayankha. "Koma mmisiri sasankhidwa ngati tomato. Pafunika kufufuza."

Kufufuzako kunasanduka ntchito yawo, ndipo inawakomera. Ankavala jekete, n'kupalasa njinga, n'kukamwa thobwa kwa eni ake.

Anayamba ndi a Rafaeli Nakhumwa a ku Magomero, osema ng'oma za tchopa, munthu wosalankhulalankhula. A Rafaeli anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anatola kamtengo n'kujambula pansi. Anafunsa kuti mpweya ukalowa m'thumba, chimautsekera n'chiyani kuti usabwerere kumvukuto. A Mulepa anaona kuti zavuta. Munthu ameneyu akanatha kuchipangadi.

"Bweretsani mbuzi yaikulu," anatero a Rafaeli. "Ndiyesa."

A Mulepa anapempha kuona zikopa. Anazinunkhiza, anazikanda ndi chikhadabo, anapukusa mutu mwachisoni.

"Achimwene, manja muli nawo. Koma zikopa zanu n'za mbuzi zodya ziputu. Za ku Ayalandi zimadya msipu wonyowa chaka chonse. Chikopa chake chimakhala ngati tsaya la khanda."

"Ndiye kaitaneni ya ku Ayalandiyo," anatero a Rafaeli, n'kufufuta chojambulacho ndi phazi.

Wachiwiri anali a Andrea, kalipentala amene anakonzapo limba la m'tchalitchi lomwe linadyedwa ndi chiswe. Amenewa anawakana ataona kuti amagwira sowo ndi dzanja lamanzere. Anafotokoza pabawo kuti chitoliro chopangidwa ndi wamanzere chimatulutsa nyimbo chobwerera m'mbuyo, kuyambira Ameni. Wina anamukana chifukwa anavomera msanga. Wina chifukwa anaseka. Wina, wosoka nsapato ku Limbe, anamukana chifukwa anali asanakwatire, ati munthu amene sanalangizidwepo sangadziwe kuti mpweya umasungidwa bwanji m'kati.

Koma ana sachedwa kukula. Chaka cha 2000 chisanathe, Tracy anabwera ndi mnyamata woyendetsa minibasi, ankhoswe anakambirana, ndipo ukwati unaikidwa wa pambuyo pokolola. A Eluby sananene zambiri. Ankangoti akamawapatsira madzi osamba, "Mmisiri uja, kaya."

Apa m'pamene a Mulepa anakumbukira Che Sabiti a ku Mikolongwe. Che Sabiti ankakonza mawailesi, mapampu a njinga, maambulera ndi mapulaimasi, ndipo ankadziwika dera lonse ndi chinthu chimodzi: sankamaliza ntchito. Anthu ankawatchula kuti Che Mawa. Panali mawailesi m'shopu mwawo amene eni ake anamwalira akuwadikira. A Mulepa anamenya ntchafu. Uyu ndiye mmisiri amene ankamufuna zaka zonsezi.

"Ndamupeza," analengeza pabawo. "Munthu wodekha, wosathamangira ntchito."

Chimene sanadziwe n'chakuti Che Sabiti sanali aulesi. Anali otopa ndi mawailesi. Atamva za thumba ndi mvukuto, anavula magalasi, anakankhira pambali zonse zinali patebulo, n'kuitanitsa tiyi ndi zitumbuwa.

"Tafotokozani bwinobwino, a Mulepa. M'kati mwa chitoliromo munali chiyani?"

Akanakhala munthu wina akanasokoneza dala. Koma a Mulepa akapeza womvetsera sankatha kudzigwira. Anafotokoza za timalilime tiwiri tabango tomangidwa pamodzi, za maboo a zala, za kachikopa kotsekera mpweya, za zitoliro zina zimene zimangong'ung'udza mawu amodzi osasintha. Anali atazimasula ndi kuzipukuta kwa zaka zambiri, ndipo sanaiwale kanthu. Pobwerera panjinga m'pamene anazindikira kuti lilime lawo lawagulitsa. Anadzitonthoza okha kuti Che Mawa ndi Che Mawa.

Che Sabiti anatseka shopu. Anazinga mbuzi, n'kuisenda mosang'amba mimba, chikopa chikuvulidwa ngati sokosi. Kufufuta chikopa sankakudziwa, choncho anapita nacho kwa a Rafaeli ku Magomero. A Rafaeli atamva mwini wake wa ntchitoyo, anamwetulira koyamba chaka chimenecho, ndipo anachifufuta mpaka chinafewa ngati nsalu. Zitoliro zinachokera ku nsungwi ndi paipi ya pampu, zotsekera mpweya ku chubu cha njinga.

M'mawa wina a Mulepa akusenda mbatata pakhonde, anaona njinga ikukhotera pakhomo pawo, pakaliyala pali chinthu chokutidwa ndi chiguduli.

"Ndamaliza," anatero Che Sabiti, nkhope ikuwala ngati ya mwana wobwera kujando. "Tayesani timve."

A Eluby anatuluka m'nyumba akupukuta manja. Alamu anayamba kusonkhana. A Mulepa anachitembenuza uku ndi uku kufuna chilema, koma chinthucho chinali chosokedwa bwino mochititsa mantha.

"Chitoliro chatsopano sachiimba pagulu," anatero pomaliza. "Chimafunika chizolowere kaye thukuta la mwini wake."

Kuyambira tsiku limenelo ankalowa nacho m'nkhalango ya bulugamu kuseri kwa mudzi. Akapopa mvukuto, ankaiwala kufinya thumba. Akafinya thumba, zala zinkachoka pamaboo. Tsiku limene zonse zinagwirizana, munatuluka mawu amene anawadzidzimutsa eni ake omwe, ndipo ng'ombe ziwiri zinabwera zikuthamanga, makutu ali njo, kufuna mwana wawo.

"Kodi thole la ndani likumalira kubulugamu masiku ano?" anafunsa a Eluby akuwathirira tiyi. "Mwini wake alibe chisoni."

"Sindinalimve," anatero a Mulepa.

Anayesa njira zothawira. Anamanga nsanza pachigongono n'kunena kuti ndi nyamakazi. A Eluby anawatikita ndi mankhwala oyabwa mpaka anachira tsiku lomwelo. A Mulepa anasiya chitolirocho padenga la khola kuti mwina galu angachite chifundo. Anachipeza chitapachikidwa bwinobwino kuchipinda, chitapakidwa mafuta.

Tsiku la ukwati, atachoka kutchalitchi, anthu anadzaza pabwalo la a Eluby masana dzuwa likuswa mtengo. Amisiri onse okanidwa aja analipo. A Andrea anakhala kutsogolo penipeni. Wosoka nsapato uja anachokera ku Limbe ndi mkazi wake watsopano. A Rafaeli ndiwo ankatsogolera ng'oma, ndipo a Mulepa anaika chiyembekezo chawo pamenepo: ng'oma zikamalira, iwo azingogwedeza zigongono, palibe angamve kanthu.

A Mulepa atangokhala pampando n'kumanga lamba wa mvukuto, a Rafaeli anakweza dzanja. Ng'oma zonse zinati zii.

"Tiyeni timve za ku Ayalandi," anatero. "Ana, khalani chete."

A Mulepa anapopa. Thumba linafufuma m'khwapa. Anatseka maso, n'kufinya.

Mawuwo anayamba pansi ngati njuchi zili m'mtsuko, kenako anakwera, anathyoka pakati, n'kukhala kulira kwa chinthu chimene chapanidwa pachitseko. Nkhuku zinathawira kuseri kwa nkhokwe. Mwana wina kumbuyo kwa mayi ake anayankha. A Mulepa analekeza, ndipo thumba linamaliza lokha ndi kamawu kamanyazi.

Palibe anaseka, koma kuseka kunali kutafika pakhosi pa aliyense. A Mulepa anaimirira pang'onopang'ono, nkhope ili yolemera ngati ya wolalikira pamaliro.

"Abale anga, mwina simukudziwa mwambo wake. Kwa anzathu kuja, nyimbo yoyamba paukwati si yovina. Ndi yolira. Imanena za mwana amene tinamulera, tinamusambitsa, lero watembenukira kwa mwamuna, watiiwala. Amene ali ndi mtima amalira. Amene alibe, amaseka."

Anakhalanso pansi n'kufinya ndi mphamvu zonse.

Selestina, mayi wa mkwatibwi, ankawadziwa bambo ake. Kuseka kutamugonjetsa anadziphimba kumaso ndi chitenje, mapewa akugwedezeka, misozi ikutuluka. Amayi amene anali pambali pake ataona mapewawo anati mayi wa mwana wagwidwa ndi chisoni. Mmodzi anayamba kusisima. Wina anakumbukira mwana wake amene anakwatiwa ku Joni osabweranso, ndipo analira zenizeni. Tracy ataona amayi ake, anagwetsa misozi pa velo. Posakhalitsa theka la bwalo linali kufwenthera, chitoliro chikubuula pakati pawo. A Andrea, poopa kuoneka opanda mtima, anaweramitsa mutu. Che Sabiti ankapukuta magalasi, akuuza aliyense woyandikana naye kuti, "Ndapanga ine chimenecho."

A Rafaeli anapirira mpaka anaona kuti ukwati usanduka maliro. Anatukwana chamumtima, n'kumenya ng'oma yaikulu. Zinazo zinatsatira, a Eluby analuluta, ndipo anthu anadzuka kukavina maso ali ofiira. Mawu a chitoliro ong'ung'udza aja, atalowa pansi pa ng'oma, anakhala bwino modabwitsa, moti a Mulepa anapopa mpaka m'khwapa munatupa.

Kuchokera pamenepo maukwati a m'deralo sankatha popanda a Mulepa. Ankawaitana kuti akalize anthu, ndipo mayi wa mkwatibwi amene sanalire ankanenedwa kuchitsime. M'kupita kwa zaka zala zinazolowera, mpaka anatha kutulutsa nyimbo imodzi ya m'tchalitchi imene munthu woleza mtima ankatha kuizindikira.

Cha m'ma 2006, Angella, mwana wa mlamu wawo amene ankagwira ntchito yosamalira okalamba ku Ayalandi, anabwera kutchuthi ndi kaseti ya katswiri wa chitoliro chenichenicho. Anaiika m'wailesi pakhonde, anthu atazungulira. Nyimboyo inatuluka yosalala, yothamanga, yokoma ngati madzi a pamwala. Onse anatembenukira kwa a Mulepa.

Iwo anamvetsera mpaka kumapeto, mutu uli pambali, maso atanyowa pang'ono, chifukwa anali atamva fungo la khitchini ya Bambo Dolani. Kenako anayang'ana nkhope za anthuwo mmodzimmodzi.

"Pali amene walira?"

Panalibe.

"Mwaona," anatero akubweza kaseti kwa Angella. "Mnyamatayu zala ali nazo. Ukabwerera ukamuuze asataye mtima, apitirize kuphunzira."