Keke ya Ukwati pa Magetsi a ku Kawale

Ntchito yanga ya ukalaliki ku fodya ku Kanengo itatha, ndinatsala ndi zinthu ziwiri: kuka ya magetsi yokhala ndi uvuni, ndi chizolowezi cholemba chilichonse. Tinkakhala ku Kawale, zaka zomwe foni za m'manja zinali zitangoyamba kufala, ndipo magetsi a kwathu anali amwano. Sindikunena zozimitsa mwadala zomwe ankalengeza m'nyuzi zija. Ife tinali ndi vuto lathulathu. Thiransifoma yathu inkadyetsa nyumba zambiri kuposa mphamvu zake, ndiye anthu akayatsa zinthu nthawi imodzi, fyuzi inkaphulika. Ikaphulika, a magetsi ankabwera pomwe afunira.

Makeke awiri atandifera mu uvuni, ndinapsa mtima n'kuyamba kulemba pa kalendala ya kukhitchini. Tsiku lililonse ndinkalemba mmene kunja kwachera, nthawi yomwe babu layamba kufiira, ndi nthawi yomwe magetsi athima. Amuna anga anayamba kunditcha "a zanyengo".

Patatha chaka ndinaona kuti magetsiwo sathima chisawawa. Mvula ikawaza masiku awiri, a makala a panjinga sabwera, makala otsala amanyowa, ndipo nyumba iliyonse imatulutsa hotipuleti. Kukazizira, m'mawa aliyense amaviika hita m'ndowa ya madzi osamba. Loweruka ndi la simbi zositira zovala. Pamwamba pa zonsezi panali bambo wina wochokera ku Mangochi, wowotcherera mageti ndi mafelemu a mawindo nyumba yachinayi kuchoka kwathu. Makina awo akalira pa tsiku lozizira, basi, zathu zinkathera pomwepo.

Ndiye mwana wamkazi wa alamu anga anapeza banja. Alamuwa, mlongo wawo wamkulu wa amuna anga, ankakhala ku Area 25, ndipo sankandiwerengera. Anauzapo anthu kuti mlongo wawo anakwatira mkazi wophika ndi bolopeni. Pa msonkhano wa ukwati, itafika nkhani ya keke, ndinangomva pakamwa panga pakuti, "Ndiphika ndine, ya nsanjika zitatu." Amuna anga ananditsina pansi pa tebulo. Alamu anavomera mwa ulemu woopsa uja, wa munthu amene akudikira kuti ugwe anthu akuona.

Ukwati unali Loweruka, mu Julayi. Lolemba kunachita mitambo, mwera n'kuyamba kuwomba ndi kamvula kowaza. Lachiwiri magetsi anathima isanakwane teni koloko. Lachitatu chimodzimodzi. Ine ufa, mazira ndi majarini zinali phee m'kabati. Sindinayese n'komwe, chifukwa kuyesa kunali kutaya mazira.

Lachinayi alamu anatulukira, juzi mpaka m'khosi.

"Alamu, keke ili kuti?"

"Ndiphika mawa."

"Mawa? Mukudziwa kuti ukwati ndi mkuja? Magetsi akuthima daily, inu mwangokhala? Ndiuzeni bwinobwino, ndipite m'tauni ndikagule."

Ndinatsitsa kalendala ya chaka chathacho n'kuwaonetsa. Pa masiku onse a Lachisanu, ngakhale ozizira, magetsi sanathimepo masana. Bambo owotcherera aja ankatseka makina 11 koloko kupita ku mzikiti, ndipo a chigayo cha kuseri ankapita nawo limodzi. Wailesi inali itanenanso kuti mitambo ichoka, ndipo m'mawa womwewo ndinali nditaona njinga zitatu za makala zikutsika mumsewu wathu. Anthu akagula makala, hotipuleti zibwerera pansi pa bedi.

"Akathima, athima cha m'ma 5 koloko, anthu akaweruka," ndinatero.

Alamu anayang'ana kalendala, anayang'ana ine. "Ndiye ukwati wa mwana wanga wadalira zolembalemba zanuzi? Chabwino. Mawa ndibwera, ndikhala pompano. Akangothima, ndikwera minibasi, ndipo aliyense adzadziwa chifukwa chake."

Ndinali ndi mantha, ndisaname. Kalendala si Mulungu. Koma ndinali nditatopa ndi kukhala mkazi wa bolopeni.

Lachisanu kunacha ndi kadzuwa kofooka. Alamu anafika ndi chikwama chawo n'kukhala pa mpando wa kukhitchini osavula nsapato. Ndinasakaniza zonse n'kudikira. Makina owotcherera anali kulira, babu likuphethira. Itangodutsa 11 koloko phokoso linaleka, ndipo babu lija linawala ngati alitsuka. Ndinalowetsa keke yaikulu.

Inakhala mu uvuni maola awiri. Fungo litadzaza m'nyumba, alamu anakhosomola n'kufunsa ngati ndaikamo mandimu. Yaikulu inatuluka yofufuma bwino, yosamira pakati. Ndinalowetsa makeke awiri aang'ono pamodzi.

Apa ndi pomwe ndinazindikira kuti ndawerengera molakwa. Uvuni inachedwa kutentha, ndipo makeke ankafunika mpaka 3 koloko, koma anthu a ku mzikiti anayamba kudutsa pamsewu 2 koloko itangokwana. Ndinamanga chitenje n'kuthamanga, kalendala ili m'manja, ufa uli m'mikono. Ndinawapeza bambo aja akuvula mkanjo, dzanja likulunjika kale ku switchi.

"Abambo, pepani, ndabwera ndi pempho. Ndili ndi keke ya ukwati mu uvuni. Mungandidikireko ola limodzi?"

Anadabwa kuti makina awo akukhudzana bwanji ndi keke yanga. Ndinawaonetsa masiku omwe ndinalemba kuti "owotcherera", ndi nthawi yothima pambali pake. Anawerenga mwakachetechete, kenako anaseka mpaka kugwira geti.

"Amayi, ndiye mwakhala mukundilemba chaka chonse ine osadziwa? Pitani mukaphike. Ndiyamba ndapenta mafelemuwa, nawonso akudikira."

Itakwana 3 koloko ndinabaya makeke ndi kampeni, kanatuluka kouma. Ndinawayala onse atatu patebulo kuti azizire. Ndinkafuna kuvina, koma ndinangopukuta manja ngati munthu wozolowera. Alamu sananyamuke. Anati akudikira 5 koloko yanga ija.

Tinakhala tikumwa tiyi, babu lili chiyakire dala. Anthu anayamba kuweruka, mawailesi kulira, makina a bambo aja kubangula. Babu linafiira, linaphethira kawiri, n'kuthima. Alamu anayang'ana wotchi yawo ya pamkono nthawi yaitali. Sanandiuze kuti ikuti chiyani, ndipo ine sindinafunse, chifukwa wotchi ya pakhoma ndinkaiona ndekha. Chimwemwe chomwe ndinamva pamene nyumba yanga inachita mdima sindinachimvepo magetsi akuyaka.

Kenako alamu anavula nsapato, n'kupinda manja a juzi.

"Shuga wa aisingi ali kuti, alamu? Simungamalize nokha zonsezi."

M'mawa mwake keke inaima patsogolo mu holo, nsanjika zitatu, yoyera mbee. Nthawi yodula itafika, mayi wina wa kuchimuna anafunsa alamu kuti anaigula sitolo iti m'tauni. Ine ndinali kumbuyo, ndikugawa mbale. Alamu anaimirira, anandifunafuna ndi maso m'chigulu monse, ndipo atandipeza anandikodola kuti ndibwere kutsogolo, ku tebulo la abale.