Mabawuti mu Ndowa Imodzi

Galimotoyo inafika pakhomo pathu itakokedwa ndi chingwe. Inali yakale kwambiri, ya zija zokoka ndi mawilo onse anayi, zoyendera m'tchire. Utoto unali utasuluka, mipando itang'ambika, kumbuyo kuli zitosi za nkhuku. Amuna anga anaigula kwa mlimi wina kunja kwa Gaborone. Iwo anali makaniko pa galaja ina ku Gaborone West Industrial. Ine ndimagwira ntchito ya m'nyumba kwa banja lina mpaka lero.

Nditawafunsa kuti chiphakasa chimenechi n'chachiyani, anati tidzapitira kwathu ku Ntcheu. Kwathuko minibasi imakusiya pamsewu waukulu, kotsalako umayenda wapansi katundu ali pamutu, ndipo m'dzinja ngakhale njinga imakana. Iwo ankafuna kudzaima pakhomo penipeni pa amayi awo n'kuliza hutala.

Anaiphwasula yonse n'kuikhazika pa njerwa, kuseri kwa chipinda chimene timachita lendi. Loweruka lililonse masana, tonse tikaweruka, iwo ankalowa pansi pake, ine n'kukhala pa chigubu pambali. Ntchito yanga inali kutsuka mabawuti ndi manati m'palafini ndi mswachi wakale. Chilichonse chimene amasula ankachiika m'chitini chake. Poyamba ankalemba pazitinipo, koma ine sukulu ndinalekera sitandade folo, ndipo zolemba zawo zachingerezi zinkandichedwetsa. Ndiye anasiya kulemba. Ankangoitana ali pansi pomwepo, miyendo yokha ikuoneka, kuti mayi, tandipatsirani cha nsomba. Kapena cha jamu, kapena cha khofi chachikulu. Za giya bokosi zinali m'chitini cha nsomba, za mabuleki m'cha jamu. Zitinizo zinandanda m'mbali mwa khoma lonse.

Tinachita zimenezi zaka zitatu. Sitinkacheza zambiri. Nthawi zina ankaimba nyimbo ya m'buku, vesi imodzi yomweyo, ena onse anali atawaiwala.

Lachiwiri lina m'mawa anagwa kuntchito. Pofika nawo kuchipatala anali atatisiya. Amalawi anzathu anasonkha, tinanyamula thupi kupita nalo kwathu. Anafikadi pakhomo pa amayi awo, koma pa lole ya eni ake, ali m'bokosi. Kumudzi ndinakhala mwezi wathunthu.

Nditabwerera ndinapeza pakhomo pali mbee. Amayi a kutchalitchi anabwera kudzasesa, monga timachitira maliro akatha, kuti namfedwa asafikire pa phulusa ndi zinyalala. Anachapa makatani, anazira pansi, analambula kuseri konse. Zitini zadzimbiri zija anaziona ngati zinyalala, koma poona kuti muli zitsulo anati izi mwina n'zofunika. Ndiye anakhuthulira zonse mu ndowa imodzi yayikulu, n'kuvundikira bwinobwino, zitinizo n'kutaya. Anandiuza yekha mayi wamkulu wa gululo, akumwetulira, kuti palibe ngakhale kamodzi kamene kanatayika. Ndinawomba m'manja n'kuthokoza. Atachoka ndinavundukula ndowayo, ndipo m'pamene ndinalira kuposa mmene ndinalirira kumanda.

Chaka chinatha galimotoyo ndisanaikhudze. Udzu unamera m'mipata ya njerwa. Mwana wathu wamkazi, amene anakwatiwa ku Francistown, ankati ndiigulitse. Amanena zimenezi pafoni m'Chitswana, ine ndikuyankha m'Chichewa, osamvana.

Kenako mwini malo anandiitana. Ndi mayi wa Chitswana, wamasiye ngati ine, ndipo sanandivutitsepo. Anandipatsa moni wake wa dumela, anandikhazika pampando, n'kundiuza kuti mwana wake akukwatira, akufuna kumumangira chipinda pamene pali galimotoyo. Omanga adzayamba Pasaka ikangotha. Anati akudziwa munthu wogula zitsulo zakutha, angathe kubwera ndi lole n'kuidula pomwepo. Sananene mwankhanza. Ndinamupempha kuti andilole ndiyese kaye kuimanga. Ikatuluka pageti ndi mawilo ake, abusa anali atavomera kale kuti ikhale kuseri kwa tchalitchi. Ikakana, aidule.

Ndinapita kwa mnzawo wa malemu, bambo wa ku Zambia amene ankagwira nawo pa galaja. Ndi munthu wamtali, waimvi, wokonda nthabwala. Anabwera Loweruka, anazungulira galimotoyo, n'kunena kuti zovuta zonse mnzake anali atamaliza, kwangotsala kumanga. Ndiye ndinamusonyeza ndowa. Anapisamo dzanja.

“Mulamu, apa mwasakaniza nyemba na mpunga,” anatero. “Nindani anachita so?”

Ndinati ndi anthu abwino.

Ndinafunsa ngati tingagule ena atsopano. Anati ayi, galimoto zakale chonchi mabawuti ake ndi a muyezo wakale, m'masitolo a masiku ano sapezekapezeka, ndipo ukakakamiza lolakwika umawononga pobowo. Iye akanatha kuyesa limodzilimodzi, koma nthawi yake inali ya Loweruka masana pokha, ndipo Pasaka inali pafupi. Ndinamuuza kuti lililonse mwa mabawuti amenewo linadutsa m'manja mwanga.

Ndinayala thumba pansi n'kukhuthula ndowa. Masiku awiri ndinangowayang'ana, mutu uli gwa. Onse ankaoneka ofanana. Tsiku lachitatu ndikutaya zinyalala kuntchito ndinaona chitini cha khofi, mtundu womwe uja. Ndinapempha abwana n'kubwera nacho. Nditangochiika pathumbapo, dzanja langa linapita lokha pa mabawuti aafupi a mitu yozungulira, ndipo ndinakumbukira kuti anali a zitseko. Ndinamvanso mawu awo akuti cha khofi chachikulu, mayi, osati chaching'ono.

Kuyambira apo ndinayamba kufuna zitini. Abwana ankandisungira za jamu. Cha mkaka wa ana ndinakapempha kwa mtsikana woyandikana nafe. Nsomba za m'chitini sindizikonda, koma ndinadya sabata yathunthu kuti ndipeze zitatu. Ndinazindandika m'mbali mwa khoma monga zinalili, ndipo ndikaweruka dzuwa likadalipo ndinkakhala pa chigubu changa n'kumasankha. Bawuti lina ndinkalidziwa chifukwa linandicheka chala. Lina chifukwa tsiku limene ankalimasula kunagwa mvula, tinathawira limodzi m'galimotomo, denga likudontha, iwo akuseka kuti nayo pula, mvula imene eni dziko amaipempherera. Masiku amenewo anali kundibwerera limodzilimodzi, ndipo nthawi zina ndinkachedwa dala ndi bawuti limodzi m'manja.

Sikuti zonse ndinalondola. Ena a pansi pa injini ndinawasokoneza ndi a kwina. Titathira oyilo anatuluka yense n'kudetsa pansi ponse. Bambo wa ku Zambia anatukwana pang'ono, n'kupepesa, tinamasulanso. Loweruka limenelo linapita pachabe. Panalinso kamulu ka manati amene sindinawakumbukire n'komwe. Amenewo anayesa yekha.

Atalowa pansi pa galimoto koyamba, miyendo yokha ikuoneka, ndinalowa m'nyumba kaye. Iye anazindikira. Kuyambira tsiku limenelo ankatuluka kudzatenga yekha chitini, mpaka ndinamuuza kuti aziitana basi, ndizimupatsira. Anaphunzira mayina ake. Ankati mulamu, leta ka jamu.

Loweruka lomaliza, mchenga ndi njerwa za omanga zili kale pageti, tinaitsitsa pa njerwa zake. Anabwereka batire kugalaja. Anapotoza kiyi, inangokhosomola. Anapotozanso, chimodzimodzi. Mwini malo anali ataima pakhomo pake, manja ali m'chiuno. Bamboyo anatsegula boneti, anagwiragwira mawaya, anathira tipetulo pang'ono penapake, n'kundiuza kuti ndikwere ndipotoze ineyo, iye akhale kutsogoloko. Ndinali ndisanakhalepo pa chiwongolero chibadwire. Ndinapotoza monga anandisonyezera. Galimoto yonse inagwedezeka, utsi wakuda unadzaza pabwalo, nkhuku za mwini malo zinathawa. Inalira. Sindinadziwe kuti kiyi umamusiya, mpaka anandikuwira kuti ndichotse dzanja.

Ndinasunthira mpando wa mbali inayo kuti iye ayendetse. Atakwera anapeza kuti mawondo ake akugunda chiwongolero, pakuti amuna anga anali aafupi ndipo mpandowo anaumanga poyesa miyendo yawo. Anatenga sipanala kuti aubweze m'mbuyo.

“Alamu, musausunthe,” ndinatero.

Anandiyang'ana, n'kubweza sipanala m'thumba.

Tinatuluka pageti pang'onopang'ono. Ndinathokoza mwini malo m'Chitswana kuti ke a leboga, iye anangokweza dzanja. Kutchalitchi si kutali, koma tinayenda ngati ngolo, bamboyo atapinda miyendo ngati dzombe, ana a mumsewu akutiloza. Panjira anandifunsa ngati alize hutala kuti timve ngati ikugwira. Ndinati ayi, imeneyo ili ndi kwake kokalizira.

Kwathu sinafikebe. Mapepala ake ndi nkhani ina, matayala ndi otha, ndipo ine kuyendetsa sindidziwa. Apongozi anga akalamba, maso sakuona bwino. Ndikawaimbira foni amafunsa kuti galimoto ya mwana wawo ija ili pati, ine ndimati yayamba kuyenda.

Lolemba lake omanga anayamba kukumba maziko. Pochoka kupita kuntchito ndinawapeza akuchotsa dothi lakuda lija pamene panatayikira oyilo. Anali Amalawi anzathu. Anandipatsa moni, ndinayankha, ndinaima pang'ono kuwaonerera, kenako ndinathamangira kombi, minibasi ya kuno, kuti ndisachedwe.