Chimbale chimene ndinataya pamsewu wa thirakitala

Inu owerenga, ine ndinatsala pang'ono kuwononga mawu a munthu wakufa chifukwa cha ukali wanga komanso kunamizira kudziwa ntchito imene sindinaidziwe bwino. Nkhaniyi ndimaikumbuka mpaka lero.

Sukulu ndinalekeza Fomu 1. Ndinayesa kuthyola tiyi pa esiteti koma sindinathe miyezi itatu, ndinakangana ndi wa pasikelo. Mwamwayi Che Amidu, amene anali ndi shopu ya zamagetsi pa Makwasa, ananditenga kuti ndizibena nyimbo, kuziika pa zimbale, pa kompyuta yawo. Anandionetsa masiku awiri okha, ine n'kuwauza kuti basi ndadziwa zonse. Anyamata amene ndinkawabenera anali ndi ma DVD atsopano aja osasankha chimbale, ndiye panalibe amene anabwerako kudzadandaula. Ndinkadziona ngati injiniya.

Tsiku lina kunabwera a Mulipa, amene anali kapitawo wanga pa esiteti. Akazi awo anali atamwalira chaka chapitacho, ndipo Lamulungu likubweralo kunali kuvundukula chiliza kwawo ku Changata. Mayiwo ankatsogolera kwaya ya amayi, ndipo mphunzitsi wina anawajambulapo nyimbo khumi ali moyo. A Mulipa anabweretsa fulashi ya mphunzitsiyo kuti ndiziike pa chimbale, abale akamve mawu a malemu pamwambowo.

Nyimbozo zinali za MP3. Ndinangozikoka momwemo n'kuziponya pa chimbale, kuyesa pa kompyuta zikuyimba bwinobwino. Atachoka ndinazifufuta mu kompyutamo monga ndinkachitira masiku onse poti malo anali ochepa.

Lachisanu anabweranso atanyamula wayilesi yawo yakale ya CD m'jumbo. Anati chimbale chikungozungulira osatulutsa mawu. Ine osafunsa kalikonse ndinawauza kuti wayilesi yawoyo ndi yakufa, akaitaye. Iwo anati zimbale zina zonse ikuyimba. Pashopu panali anthu, ndipo wina anaseka n'kunena kuti injiniya wagwa nayo. Mutu unanditentha. Ndinakumbukanso m'mene ankandikalipira kumunda, ndiye ndinalanda chimbale chija n'kuchiponya panja. Chinauluka n'kukagwera pamsewu wafumbi umene mumadutsa mathirakitala onyamula masamba. Ndinawauza kuti akatenge fulashi yawo akabenetse ku Limbe kwa odziwa.

A Mulipa sanakalipe. Anangoti, "Mwana wanga, aphunzitsi aja anafufuta kale, anaikamo mayeso a ana. Mayi ako aja atsala m'chimbale chimenecho basi."

Abale anga, ndinatuluka chothamanga, ndipo thirakitala inali ikutsika kale kuchokera kumtunda ngolo itadzaza. Ndinaima pakati pa msewu manja m'mwamba. Dalaivala anaima akunditukwana kuti ngati ndatopa ndi moyo ndikafere kwathu. Chimbale ndinachitola chili fumbi lokhalokha, chitakalika mbali imodzi.

Che Amidu anali atamva phokosolo ali kuseri. Anatenga chimbalecho n'kuchitsuka ndi madzi, n'kuchipukuta ndi kansalu kofewa kuchokera pakati kupita kunja, kenako n'kuyamba kukopera nyimbo imodziimodzi mu kompyuta. A Mulipa anakhala pa benchi chipewa chili pamaondo. Nyimbo zisanu ndi zitatu zinalowa. Ziwiri zomaliza zinakana, anayesa kanayi konse koma ayi.

Apo m'pamene anandiitana kuti ndione. Anandiuza kuti wayilesi ya a Mulipa ilibe vuto. Mawayilesi akale samva MP3, amafuna nyimbo zisinthidwe kaye kukhala za chimbale wamba, ngati zogula m'sitolo. Mu pulogalamu yobenera munali posankha pawiri, pa mafayilo ndi pa nyimbo, ndipo ine miyezi yonseyi ndinkangodina poyamba paja osadziwa kuti penapo n'pa chiyani. Anati tsiku loyamba lija anandiuza, koma ndinali kalikiliki kugwedeza mutu.

Anabena chimbale china pang'onopang'ono n'kuchiika mu wayilesi ya a Mulipa yomweyo. Chinazungulira kaye, kenako mawu a mayi aja anatuluka akuyambitsa nyimbo, amayi ena n'kumapolokezera. A Mulipa anamvetsera mpaka nyimbo yachitatu, n'kunena kuti imeneyi ndi imene ankaifuna, ndi imene malemu ankakonda kuyimba akamachapa.

Ndinawapepesa a Mulipa nditagwada anthu onse akuona. Anandidzutsa n'kunena kuti ukali wanga amaudziwa kuyambira kumunda. Che Amidu sanandichotse ntchito, koma anandilamula kubena zimbale zina zitatu kuti abale asungeko.

Ndiye inu anzanga obena nyimbo, mufunseni munthu kuti akayimbira pa chiyani musanadine kalikonse. Yesani chimbale pa wayilesi wamba, osati pa kompyuta yokha. Musafufute cha munthu asanabwere kudzanena kuti zatheka. Ndipo wina akakubwezerani ntchito, khalani kaye pansi muone, mwina wolakwa ndi inu. Ine ndinapulumuka, koma nyimbo ziwiri za mayi aja palibe amene adzazimvenso, ndipo ndinazitaya ndi dzanja langali.