Ulusi wa M'shati la Nizar

Mukadutsa pa Chipata cha Damasiko ku Yerusalemu n'kukhotera kumanzere, mumva makina osokera akulira ngati akukangana ndi munthu. Amenewo ndi a mayi Subhiya, amene msika wonse umawatchula kuti amake Nizar. Asoka pamenepo zaka makumi atatu. Aluya, Ayuda, ansembe a ku Armenia, onse amabwera ndi mathalauza awo, ndipo onse amadzudzulidwa chimodzimodzi chifukwa chonenepa. Nyuzipepala sizinawalembepo. N'chifukwa chake nkhaniyi iyenera kumveka.

Pakhoma la sitolo yawo pali chithunzi cha Nizar, mwana wawo. Asilikali anamuombera pachipata chofufuzira anthu akupita kuntchito, ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Shati limene anavala tsikulo lili m'kabati, pansi pa mabatani. Mayi amene amatseka chibowo chilichonse mpaka mwini wake osachipezanso, chibowo cha m'shati limenelo sanachikhudzepo.

Lamlungu lina m'mawa kunalowa mayi wachiyuda, dzina lake Margalit, atanyamula bulauzi yakuda yong'ambika kuchokera pakhosi kutsikira pachifuwa. A Subhiya anangoiona n'kuzindikira. Ayuda akaferedwa amang'amba chovala: kumanzere ngati wamwalira ndi kholo, kumanja ngati ndi wina. Iyi inang'ambika kumanja.

“Amuna anu?” anafunsa.

“Mwana wanga, Ohad. Lamulo lathu limati ndikhoza kusoka pakatha masiku makumi atatu. Ine ndatha zaka zisanu ndi ziwiri. Lachinayi mlongo wake akukwatiwa, ndipo ndikufuna kuivala kuti Ohad nayenso akakhalepo.”

“Anadwala?”

Margalit anayang'ana chithunzi chija, n'kubweza maso pansi. “Anali msilikali, mayi. Bomba.”

Phazi la a Subhiya linachoka pa makina. Panja a Rasmi, ogulitsa buledi wachitowe, anali kukuwa mitengo yawo.

“Isiyeni. Mubwere Lachitatu,” anatero a Subhiya. “Sindinalonjeze kanthu.”

Bulauzi ija inagona patebulo masiku awiri. A Rasmi, amene amadziwa za msika wonse zisanachitike n'komwe, anasuzumira pakhomo. “Amake Nizar, ndamva mwayamba kusokera gulu lankhondo! Mawa mudzasoka mbendera?”

“Inu a Rasmi, pakamwa panu ndi chibowo chokhacho chimene chinandikanika. Pitani, ntchentche zikukudyerani buledi.”

Anaseka onse, koma a Rasmi atachoka, mayiwo anatembenukira ku ntchito ija. Akaitenga bulauzi, manja ankakana. Akaikankhira kutali, maso ankaitsata. Sanali Ohad amene anaombera Nizar, zimenezo ankazidziwa. Koma Ohad anavala yunifolomu yomweyo ya asilikali aja. Chimene chinawagwira mtima n'chakuti m'mphepete mwa pong'ambikapo munali mutasalala, mutathetheka. Anazindikira kuti ndi zala. Zala za mayi amene amasisita pamenepo tsiku ndi tsiku. Anatsegula kabati, natulutsa shati la Nizar. Kuzungulira chibowo chija kunali kosalala chimodzimodzi.

Lachiwiri masana sanayatse makina. Anamasula mpendero wa shatilo, nasolola ulusi umodzi wautali wobiriwira, naulowetsa m'singano. Anasoka pamanja, pang'onopang'ono, mpaka muezini wa kumzikiti ataitana pemphero la madzulo. Akadafuna akadabisa msokowo, pakuti luso limenelo ndi lawo. Sanaubise.

Lachitatu Margalit anafika, naona mzere wobiriwira ukutsika pansalu yakuda ngati kamtsinje.

“Wakuda unakutherani?” anafunsa mwamanyazi.

“Ndili nawo wodzaza bokosi. Uwu ndausolola m'shati la uyo.” Analoza chithunzi. “Asilikali anu ndiwo anamupha. Sindikubisirani. Ngati simukuufuna, ndiumasula pompano, ndisoke ndi wakuda, ndipo palibe adzadziwe.”

Margalit anakhala pampando osauzidwa. Anayendetsa chala pamsokowo kuchokera pamwamba mpaka pansi, kawiri. A Subhiya anali atagwira kale kalumo kawo, akudikira.

“Dzina lake?”

“Nizar.”

“Nizar,” anabwereza Margalit, mosamala ngati wanyamula dzira. Kenaka anapukuta maso ndi bulauzi yomweyo. “Nanga kuvina ankatha? Chifukwa pa ukwati wathu sakhala pansi munthu.”

“Ameneyo? Ankavina ngati ngamila yaponda moto! Atsikana ankathawitsa mapazi awo.”

“Ndiye agwirizana. Wanga ankaswa matebulo.”

Anaseka, kuseka kwa misozi, mpaka a Rasmi anasuzumiranso. Ataona amayi awiriwo atagwira nsalu imodzi, wina uku wina uku, bambo amene sasowa chonena anangovula chipewa chawo, nabwerera chamsana.

A Subhiya anabweza kalumo m'kabati, nathira khofi wowawa m'timakapu tiwiri.

“Imwani, mchemwali,” anatero. “Ndipo Lachinayi mukamuyang'anire Nizar wangayo. Sanayambe wapitako ku ukwati wa Ayuda.”