Kalata ya ku Lang'ata Imene Sindinasaine

Ndine dalaivala. Ndinabwera ku Nairobi ndi bwana wanga, bungwe litawasamutsa kuchokera ku Lilongwe. Ndimakhala ku Embakasi. Sukulu ndinalekeza sitandade 7.

Mlongo wanga ali ku Dedza. Ali ndi ana asanu, wamkazi mmodzi yekha. Mtsikanayo atamaliza folomu 4 ndinamuitanitsa kuti adzaphunzire zosoka. Anali wachete. Loweruka lililonse ankakwera minibasi, imene kuno amati matatu, kupita ku Lang'ata, kwa masisitere. Ine ndinkayesa za kwaya.

Tsiku lina ndikutsuka galimoto, anabwera n'kugwada potero, buku lili m'manja.

"Malume, ndili ndi mawu."

"Nena."

Anayamba ndi za m'bukumo. Akuti kalekale, mpingo ukadali waung'ono, kunali akazi ku Iguputo amene anakana ukwati n'kukakhala kuchipululu. Ankadya kamodzi patsiku, buledi ndi mchere. Ankaluka mitanga, kupemphera. Ngakhale amuna ankayenda mtunda wautali kukawafunsa nzeru.

"Buledi ndi mchere? Umenewo ndi umphawi basi," ndinatero.

"Ena anali olemera kuposa a ku Muthaiga, malume. Anasiya okha."

"Ndiye ukufuna kupita kuchipululu?"

"Ayi. Pa Lang'ata pompa."

Anaseka pang'ono. Ine sindinaseke.

Kuti alowe usisitere, masisitere ankafuna kalata yachilolezo yochokera kwa abale. Bambo ake anali atanena kale kuti afunse ine. Kwathu ndi momwemo: mwana ndi wakuchikazi, ndipo mwinimbumba ndi malume. Mtsikanayo anandipatsa pepalalo ndi manja awiri.

Ndinaliwerenga, koma mumtima ndinkawerenga zina. Anyamata anayi aja adzapita kuchikamwini, ana awo adzakhala a eni. Mbumba yathu yonse inali mwa mtsikana ameneyu. Akavala nsalu kumutu, munda wa amayi athu udzalimidwa ndi alendo, dzina lathu lidzathera pamanda.

"Ndikambirana ndi abale," ndinatero.

Sindinaimbire aliyense. Ndinkaopa kuti mlongo wanga avomera. Ndi munthu wa rozale.

Atsopano ankalowa mu Januwale. Anandifunsa mu Novembala, ndinati dikira. Anandifunsanso Khirisimasi itayandikira. Ndinali ndikumanga nsapato, sindinadzutse mutu.

"Abale akana."

"Amayi nawonso?"

"Nawonso."

Anangoti zikomo. Anandikonzera tiyi monga mwa masiku onse.

Ndikanakana ndekha, maso ndi maso, bwenzi atalimbana nane. Anali ndi mawu ake mwana uja. Koma kulimbana ndi mayi ake sakanatha, ndipo ine ndinkadziwa zimenezo.

Pasaka itadutsa anabwerera ku Dedza. Sindikayika kuti anawafunsa amayi ake. Palibe anandiimbira kudzandifunsa. Patapita zaka ziwiri anakwatiwa ndi mphunzitsi. Ndinakaima ngati nkhoswe. Anthu ankandigwira chanza, amvekere mwalera bwino.

Ntchito imandipititsa ku Lang'ata kawirikawiri. Pageti pa masisitere paja ndimadutsa osacheuka.

Mwezi wathawu mtsikana uja anaimba foni. Wabereka mwana wamkazi.

"Malume, tikudikira dzina."

"Sankha wekha, mwanawe."

"Iyayi. Tchulani ndinu."

"Ndati sankha. Mwana ndi wako."

Ndinkamva khandalo likulira.

"Zosankha ndi zanu, malume. Ife timangolandira."

Sananene mwaukali. Ndinamuuza kuti ndiimbanso. Lero patha masabata atatu, mwanayo alibe dzina.