Funso la Amake Tadala

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza pa siteji ya minibasi pa Chitakale. Ndinali nditamaliza maphunziro a zaumoyo ku Blantyre, koma ntchito kunalibe, ndiye ndinkangothandiza amayi kugulitsa zinanazi ndi mapeyala m'mbali mwa msewu. Tsiku lina m'minibasi munatsika Fatsani, amene ndinkaphunzira naye kalasi imodzi. Atandiona ndikusenda chinanazi anaseka. "Enelesi, iwe suja unkakonda kuwerenga zinthu zotopetsa? Kuchipatala kwathu akufuna munthu wotero." Mlungu wotsatira ndinabwereka siketi ya achemwali anga n'kupita kukaonekera.

Amene anandifunsa mafunso anali adokotala a Makawa, mayi wamfupi wa imvi, wolankhula pang'onopang'ono ngati sakufuna kuwononga mawu. Iwo ankayang'anira kaofesi kounika kafukufuku. Madokotala ndi anamwino akakhala ndi funso lowazunguza pa za chithandizo, ankalibweretsa kwa ife. Ifeyo tinkafufuza zimene akatswiri a m'mayiko osiyanasiyana anapeza, n'kuona ngati umboni wake ndi wolimba kapena ayi. Kaofesiko kanali kuseri kwa famase. Munali matebulo awiri, laputopu, pulinta yokonda kutafuna mapepala, ndi kamodemu kamene tinkachita kukapachika pawindo kuti intaneti igwire.

Anandiphunzitsa kuti funso lizidulidwa panayi tisanayambe kufufuza: odwala ake ndi ati, chithandizo chake n'chiti, tikuchiyerekeza ndi chiyani, ndipo tikufuna kuona chotsatira chanji. Tikatero tinkalowa m'nkhokwe za pa intaneti zosungira kafukufuku wa zachipatala. Zidule za mapepala tinkawerenga aliyense payekha, iwo patebulo pawo ine panga, osaonerana, kenako n'kuyerekeza zimene tasankha. Mapepala otsalawo tinkawawerenga onse mpaka kumapeto. Panali anthu angati? Anawatsatira kwa nthawi yaitali bwanji? Panali gulu lina losalandira mankhwalawo loti n'kuyerekezera? Nanga amene anasowa panjira anapita kuti? Pomaliza tinkaupatsa umboniwo mlingo: wolimba, wapakatikati, wofooka, kapena wofookeratu.

"Pepala ulifunse mafunso ngati mwamuna wodzafunsira mng'ono wako," ankatero a Makawa. "Kuvala suti si khalidwe."

Miyezi yoyambirira mafunso anali a zinthu zimene tinkaziona tsiku ndi tsiku: kulumidwa ndi njoka, anthu opopera mankhwala m'minda ya tiyi amene ankabwera akupuma movutikira, amayi apakati a kuthamanga kwa magazi. Ntchitoyo ndinaikonda. Ndinkapita kunyumba maso akuwawa koma mtima uli m'malo.

Kenako Fatsani, amene ankaona odwala ku dipatimenti ya ongobwera n'kubwerera, analowa muofesi mwathu n'kutseka chitseko. Anati kunabwera mayi wina wothyola tiyi, wa kukomboni ya esiteti ina, ndi mwana wake Tadala wa zaka khumi ndi zinayi. Mwanayo anabadwa wamkazi. Anabwera ndi zilonda pansi pa mabere ndi m'nthiti chifukwa ankadzimanga pachifuwa ndi nsanza za chitenje, molimba, tsiku lonse. Kusukulu anali atasiya chifukwa cha diresi ya yunifomu. Fatsani atamufunsa modekha, mwanayo anati kuyambira ali wamng'ono amadzidziwa kuti ndi mnyamata, ndipo thupi litayamba kusintha sankafunanso kudziona. Malume ake amene amagwira ntchito ku Joni anali atatumiza uthenga pafoni kuti kumeneko kuli mankhwala oimitsa kutha msinkhu, ndi mahomoni achimuna, ndipo angathe kuwatumiza pa basi. Amake ndiye anafunsa Fatsani kuti, "Kodi mankhwala amenewa ndi abwino? Ndimulole?"

"Ine ndalephera kuwayankha," anatero Fatsani. "Ndawauza kuti abwerenso."

A Makawa anandiyang'ana. "Funso ndi limenelo. Lidule panayi."

Kunena zoona, nkhani yotere ndinali ndisanaiganizirepo mozama. Ndinkangoimva m'minibasi, anthu akuseka kapena kutukwana. Tsopano inali patebulo panga ili ndi dzina, zaka ndi zilonda. Ndinalemba kuti odwala ake ndi achinyamata osautsika chifukwa thupi lawo silikugwirizana ndi mmene amadzidziwira. Chithandizo chake ndi mankhwala awiri aja. Tiyerekeze ndi uphungu wokha kapena kudikira. Zotsatira zake tione kusautsika kwa mumtima, maganizo ofuna kudzipweteka, kulimba kwa mafupa, kubereka, ndi kudzanong'oneza bondo patsogolo.

Tinawerenga kwa milungu ingapo. Inali nyengo ya chiperoni, phiri silinkaoneka, ndipo intaneti inkaduka pepala likungotsala pang'ono kutseguka. Zimene tinapeza sizinali zimene ndinkayembekezera. Ndinkaganiza kuti kunjako nkhaniyi anaithetsa kale. Koma kafukufuku wambiri anali wa anthu ochepa, owatsatira kwa nthawi yochepa, ndipo nthawi zambiri popanda gulu loyerekezera. Achinyamata ena ananena kuti atalandira mankhwala mtima unakhala pansi. Komabe ambiri a iwo ankalandiranso uphungu ndipo makolo awo ankawathandiza, moti kunali kovuta kudziwa kuti chathandiza n'chiti. Za mafupa ndi za kubereka panali nkhawa zenizeni, ndipo zosintha zina, monga mawu kukula, sizibwerera. Mbali inayo nayonso inalibe umboni wolimba woti kungodikira kumathetsa kusautsikako. Akatswiri a kunja nawo sankamvana: ena ankapereka mankhwalawo atamuunika mwana mokwanira, ena anali atayamba kuwachepetsa. Pa mfundo zambiri ine ndi a Makawa, aliyense payekha, tinalemba mlingo wofanana: wofooka kapena wofookeratu.

Tsiku lovuta linali loti tikafotokoze. M'mawa tinakhala pa msonkhano wa akuluakulu a chipatala, ndipo a Makawa anati ndilankhule ndine. Ndisanamalize, ametiloni, mkulu wa anamwino, mayi wolemekezeka amene anandilandira bwino tsiku langa loyamba, anaika magalasi awo patebulo.

"Mwanawe, ungolemba kuti mankhwalawa ndi oipa. Izi si zakwathu kuno. Mwanayo akufunika mapemphero ndi anankungwi."

Fatsani anadzuka theka pampando. "Ayi, alembe kuti amathandiza. Mwana uja ndamuona ine. Tikamubweza chimanjamanja tidzamva zoipa."

Onse awiri ankandiyang'ana. Wina anali wamkulu wanga, wina ndi amene anandipezera ntchito. Ndinati, "Pepani amayi, pepani achimwene, zonse ziwirizo sindingalembe. Umboni wofooka sutanthauza kuti mankhwalawa ndi oipa, ndiponso sutanthauza kuti amathandiza. Ukutanthauza kuti amene akulankhula motsimikiza, mbali iliyonse, akupitirira pamene mapepala afika."

Ametiloni anapukusa mutu. Fatsani sanandiyang'anenso mpaka msonkhano unatha. A Makawa sanandiikire kumbuyo kapena kundidzudzula. Potuluka anangoti, "Masana akubwera eni funso. Ukawauze wekha."

Amake Tadala anabwera atachoka kumunda, zala zili zakuda ndi utomoni wa tiyi, atafunda pulasitiki chifukwa cha mvula yowaza. Tadala anavala juzi yaikulu ya kapusi, tsitsi atameta lalifupi. Anakhala pampando wa pafupi ndi khomo, maso pansi. A Makawa anakhala pambali, ndipo Fatsani anaima pawindo.

Ndinayamba kufotokoza monga ndinachitira m'mawa, za magulu oyerekezera ndi milingo ya umboni. Amake anandidula mwaulemu.

"Anesi, ine sukulu ndinalekera panjira. Ingondiuzani. Ndimulole kapena ndisamulole?"

Sindinali nesi, koma sinali nthawi yowakonza. Ndinatseka laputopu. Ndinawauza kuti madokotala a kunja akukanganabe za mankhwalawa, chifukwa palibe amene watsatira ana ambiri kwa zaka zambiri mokwanira kuti anene motsimikiza. Achinyamata ena akuti anathandizidwa, ndipo sindikuwatsutsa. Koma mankhwalawa amakhudza mafupa, magazi ndi kubereka, ndipo ngakhale madokotala amene amawapereka amayamba amuunika mwana kwa nthawi, kenako n'kumamuyeza kawirikawiri. Pano tilibe katswiri wa zimenezo kapena makina oyezera mafupa. Mankhwala obwera pa basi, osadziwika mlingo wake, opanda wowalondola, amenewo ndiye ayi. Pa chimenecho sindinakayike.

Pamenepo Tadala anadzutsa mutu koyamba. Mawu ake anali otsika koma osanjenjemera.

"Ndiye mukuti ine ndikunama?"

Funso limenelo silinali m'magawo anayi aja. Ndinayang'ana a Makawa, iwo anangoyang'ana zala zawo. Ndinati, "Ayi. Mapepala onse amene ndawerenga, ngakhale a anthu otsutsana, amavomereza kuti kusautsika kumene ukumva n'kwenikweni, ndipo si iwe wekha padziko pano. Chimene sakugwirizana ndi mankhwala. Za iweyo sindikukayika."

Tadala anandiyang'ana. Kenako misozi inayamba kutsika yokha, nkhope osasintha. Amake anayankhula mawu ena m'Chilomwe amene sindinawamve, n'kumugwira bondo.

"Abambo ake akuti timutengere kuphiri kwa mneneri akamusalitse kudya," anatero amake. "Ine ndikuopa. Mwana ameneyu masiku ena amanena kuti kuli bwino kungochoka padziko."

Apo m'pamene a Makawa analankhula. Anati mawu amenewo ndiwo ofunika kuthamangira lero lomwe, kuposa nkhani ya mankhwala. Kupemphera palibe akuletsa, koma kumumanga, kumumana chakudya kapena kumuchititsa manyazi pagulu kungamuwonjezere bala. Anafunsa Tadala mafunso achindunji, ngati anaganizapo za njira yodzipwetekera, ndi ngati pali munthu amene amamukhulupirira. Kenako anaitanitsa namwino wa zamaganizo, amene anakhala ndi Tadala paokha. Fatsani anatsuka zilonda, n'kumufotokozera kuti asamadzimange pogona kapena molimba mpaka kulephera kupuma bwino. Anagwirizana zoti azibwera kawirikawiri kudzaonana ndi namwino uja, ndipo a Makawa anati abambo ake adzabwere adzacheze nawo okha, akuluakulu.

Atapita, ndinakhala patebulo langa. Ndinauza a Makawa kuti ndikuona ngati tagwira ntchito milungu yonseyi kuti tingonena kuti sitikudziwa.

"Watero?" anandifunsa. "Wawauza chimene chikudziwika, chimene sichikudziwika, ndi chimene angachite mawa. Zitatu zimenezo. Wosadziwa ntchito amanena chimodzi."

Abambo a Tadala anabweradi, atavala jekete la kutchalitchi. Zimene anakambirana ndi a Makawa sindikuzidziwa, koma kuphiri kuja mwana sanapite. Abambowo sanasinthe maganizo awo onse, ndipo sindinganene kuti pakhomopo panalowa mtendere tsiku limodzi. Za sukulu zinatenga nthawi. Pamapeto pake anamupezera malo pa sukulu ina yoyendera cha ku Chonde, kumene aphunzitsi aakulu anavomera kuti azivala thalauza popanda kufunsa zambiri. Malume a ku Joni anakwiya pang'ono, kenako anatumiza nsapato m'malo mwa mankhwala.

Ametiloni anakhala masiku osandiyankhula bwino. Koma tsiku lina Tadala atabwera kudzaonana ndi namwino, ndinawaona akumupatsa tiyi ndi mbatata m'kaofesi kawo, akumufunsa za masamu. Fatsani naye tinagwirizananso. Mpaka lero amati ndikanatha kulemba molimba mtima kuposa muja, ine ndimati ndinalemba pamene umboni unafika. Timatsutsana tikudya limodzi.

Tadala pano ndi wamkulu ndithu. Zoti adzachita chiyani ndi thupi lake ndi nkhani yake, ndipo akamadzasankha mwina kafukufuku adzakhala atapita patsogolo kuposa pamene tinamusiya. Lipoti lathu lija ndimalitsegulanso chaka ndi chaka kuti ndione ngati pabwera umboni watsopano, ndipo ukadzabwera ndidzalisintha mosanyinyirika, kaya upite mbali iti.

A Makawa anapuma pantchito, ndipo tebulo lawo ndi langa tsopano. Akabwera achinyamata atsopano kudzaphunzira ntchito, ndimawaphunzitsa kudula funso, kusefa mapepala ndi kupereka mlingo. Zimenezo amazigwira msanga. Chimene chimawatengera nthawi ndi chimene inenso ndinachiphunzira masana aja: mawu akuti "sitikudziwa" ndi oona, ndipo usawaope ngakhale akulu akukakamize kunena zina. Koma ukawanena, usanyamuke pampando. Munthu amene wabwera ndi funso akadali pomwepo.